Ng'oma zitaleka anthu anamwazika, pulofesa n'kutsala ndi mipando: ulendo uno tichite bwanji?

Wokonza zochitika:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ntchito yanga ndi yolumikiza bungwe lathu la kafukufuku ndi midzi yotizungulira kuno kuchigawo chapakati. Pa 25 Epulo, tsiku loganizira za malungo pa dziko lonse, mabwana akufuna tichititsenso lekichala ya pagulu. Kukubwera pulofesa wochokera kunja kudzakamba za katemera wa malungo, ndipo akuti magule asalephere.

Chaka chatha tinachita zomwezi ndipo ndinagwa nayo. Tinayamba ndi chimtali ndi mganda panja, bwalo linadzaza, ana mpaka m'mitengo. Ng'oma zitangoleka ndinalengeza kuti tilowe mu holo. Analowa mafumu, abusa awiri, ana asukulu omwe aphunzitsi anawatsekereza pakhomo, ndi ife eni khomo. Mlendo anayankhula ola lathunthu, ma slide 52, Chingerezi chokhachokha. Mnzathu yemwe tinamugwira m'mawa womwewo kuti amasulire anafika pongoti "akuti zinthu zikuyenda bwino." Pakati pake magetsi phethi, jenereta ilibe mafuta. Potuluka a gulupu ena anandiitanira pambali: "Mwanangu, kodi bambo aja amati ife titani?" Ndinasowa pogwira.

Chaka chino mabwana awonjezapo: akufuna Gule Wamkulu kuti mlendo akaone. Ndiyambe ndi lekichala, magule pambuyo? Kapena magulewo ndiwachotse?

Mkulu wa ku labu:
Mayi, vuto si magule. Munaphika ndiwo ziwiri mu mphika umodzi. Pulofesayo sanakwere ndege kuti adzayankhule mphindi khumi, ndipo ophunzira athu a masters ndi PhD akufuna kumufunsa za manambala ake mpaka atuluke thukuta. Amenewo apatseni semina yawo dzulo lake, mu holo, ma slide onse 52 ngati akufuna. Tsiku la anthu likhale lina, ndi nkhani yokonzedwa mwina.

Si zachilendo zimenezi. Ku Royal Institution ku London akhala ndi zokamba za akuluakulu Lachisanu madzulo, komanso malekichala a Khirisimasi a achinyamata kuyambira 1825. Michael Faraday anaimirira pamaso pa ana ndi kandulo m'manja, nkhani yonse ya mpweya ndi moto n'kuitulutsa mu kanduloyo. Nyumba yake imodzi, wasayansi yemweyo, koma kwa ana sankapita ndi mapepala a kwa anzake.

Wokonza zochitika:
Zikomo bambo. Koma ndikamuuza kuti kwa anthu asabwere ndi ma slide, sakhumudwa?

Mkulu wa ku labu:
Musamuuze kuti nkhani yake ndi yovuta, muuzeni kuti pabwalo palibe khoma loonetserapo. Ndipo mumupatse poyambira. Agogo onse a m'midzimo akukumbukira chloroquine ndi kuyabwa kwake kuja. Mu 1993 Malawi linali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga SP, amene ambiri amati Fansidar, chifukwa tizilombo tinali titapima, mankhwalawo osagwiranso. Mu 2007 tinasinthanso, kubwera LA. Afunse khamulo kuti ndani anamwako chloroquine, muone manja. Akachoka pamenepo kufika pa katemera sipatali: pa 23 Epulo 2019 Malawi ndiye anayamba kupereka katemera wa malungo wotchedwa RTS,S kwa ana pa ndondomeko yoyambira, Ghana ndi Kenya anatsatira, ndipo WHO inavomereza kuti aperekedwe ponseponse mu Okutobala 2021. Anthu amve kuti nkhaniyi ndi ya pakhomo pawo, mlendoyo wangobwera kudzathira ndemanga.

Womasulira wa zaumoyo:
Achemwali, ine ndaima pa mnzanu munamugwira m'mawa uja. Munamulakwira. Ndamasulira m'misonkhano ya zaumoyo zaka zambiri koma sindingavomere kuima pambali pa wasayansi ndisanaone nkhani yake masiku atatu tsikulo lisanafike. Kumbukiraninso kuti kumasulira kumadya nthawi: mphindi 20 za mlendo ndi mphindi 40 kwa omvera.

Pali mawu omwe amaluma. Loyamba ndi "malungo" lenilenilo. Kwa ife malungo ndi a tizilombo totchedwa Plasmodium, opezeka poyeza magazi. Kwa mayi wa kumudzi thupi likangotentha kapena kuphwanya, ndi malungo basi. Mwana wobayidwa katemera akatentha thupi ndi chifuwa, mayiyo adzati katemera uja ndi wabodza. Ndiye muzinena mobwereza kuti "malungo obwera ndi udzudzu, opezeka akayeza magazi."

Lachiwiri "kachilombo." Mukangoti mwana ali ndi kachilombo, theka la bwalo lamva za HIV. Nenani "tizilombo ta malungo" nthawi zonse, osadula.

Lachitatu trial. Mukati "kuyesa" ena amamva "kuyesera pa ana athu." Ine ndimati kafukufuku, kenako ndimafotokoza kuti makolo ankafunsidwa kaye ndipo anali ndi ufulu wokana. Za kutenga magazi musazinene mothamanga, mukudziwa zinachitika ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017 ndi mphekesera za anamapopa. Munene kuchuluka kwake, muonetse kabotolo kake kopanda kanthu, anthu akagwire.

Chovuta kwambiri ndi efficacy, kutanthauza mlingo womwe katemera amatetezera. Mlendoyo adzanena maperesenti. Pa kafukufuku wamkulu wa katemerayu, ana omwe analandira katemera kanayi anapewa pafupifupi matenda 4 mwa 10 alionse pa zaka zinayi. Womasulira wosasamala adzati "ana anayi mwa khumi sadzadwalanso," ndipo limenelo ndi bodza. Ine ndimatenga nyemba khumi m'lichero. Ndimati nyemba iliyonse ndi ulendo umodzi wopita kuchipatala ndi mwana wa malungo. Ndimachotsa zinayi, zisanu ndi chimodzi zotsalazo n'kuzikweza m'mwamba: izi ndiye chifukwa chake neti isachoke pa mphasa.

Wa chikwama:
Musanapite patali, bajeti muli nayo? Mafuta a jenereta muwagule dzulo lake ndipo wina asayinire kuti wathira yekha. Kalata ya mafumu inene poyera ngati pali ya transport kapena ayi, musasiye anthu akuganizira okha. Ovina muwauziretu chomwe alandire. Palibe chowawa ngati amayi a chimtali atakhala pa khonde la ofesi yanga dzuwa likulowa, amene anawalonjeza atazimitsa foni.

Mchewa wa ku Dowa:
Ndalama tikamba, koma ine ndiloleni ndikambe za Gule, poti apa mungapalamule osadziwa. Gule saitanidwa ngati bandi. Mwini wake ndi mfumu ya mzinda, ndipo kupempha kumadzera kumeneko, si kwa mnyamata amene mwakumana naye pa msika n'kukuuzani kuti ali ndi gulu. Zilombo zimachokera kudambwe. Kodi pa kapinga wa bungwe lanu zidzatulukira kuti, m'chipinda cha misonkhano? Wina wa inu, kapena mlendoyo ndi kamera yake, akakasuzumira komwe sikuloledwa kwa munthu wosagula njira, mlandu wake si wa nkhuku imodzi.

Ngati mabwana akulimbikira, zochitikazo zipite ku bwalo la mudzi, inu mukakhale alendo. Mlendo mumuuziretu: sanena kuti ndi anthu ovala zigoba, sayandikira popanda womutsogolera, akafuna kufupa aponye pomwe amuuza, kujambula afunse kaye. UNESCO inauzindikira Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique, koma zimenezo sizinasandutse gule kukhala chokometsera tsiku la munthu.

Kenanso ganizirani omwe mukuwafuna. Katemerayu ndi wa makanda. Mukufuna amayi obereka ana kumbuyo akhale pansi amve. Kukatuluka chilombo chothamangitsa anthu, amayiwo ndi amene amayamba kuthawa. Mipingo ina anthu ake sabwera n'komwe akamva kuti kuli gule. Kunena mosabisa, ine ndine mwana wa m'mudzi wa gule, koma pa nkhani iyi ndikadasankha chimtali.

Ndipo womasulira wanu adzavutika tsikulo, uku zilombo uku tizilombo.

Womasulira wa zaumoyo:
Achimwene mwandiseketsa, koma ndi zoona. Mwana angapite kwawo akuti katemera ndi wothamangitsa kapoli.

Mkulu wa ku labu:
Pa Gule ndagonja, a ku Dowa anena zomveka. Mlendo akafuna kuona, mumutengere ku Mua, ku Kungoni, akaone zigoba ku Chamare Museum ndi kumva tanthauzo lake bwinobwino.

Woweta udzudzu:
Ine ndimagwira ku insectary, komwe timawetera udzudzu, sindidziwa za mapulogalamu, koma ndinene chomwe chimaimitsa anthu pa tebulo langa. Mabeseni awiri oyera a madzi. Limodzi mphutsi za Anopheles, udzudzu wofalitsa malungo, linalo za Culex, udzudzu wa mtundu wina. Za Anopheles zimagona chopingasa pamwamba penipeni pa madzi, za Culex zimalendewera mutu pansi. Mukagogoda beseni zonse zimathawira pansi, kenako n'kubwerera kudzapuma. Ana sachokapo. Abambo amati "izi zili pa chithaphwi cha pa njerwa kwathu," ndipo nkhani yayambika yokha. Mu kakhola ka neti muike udzudzu waukulu, aone Anopheles potera amaimika kumbuyo m'mwamba ngati wazondoka, ndipo muwauze kuti woluma ndi wamkazi yekha, amafuna magazi kuti mazira akhwime. Kakholako mumange bwino, musakagawe udzudzu kumudzi kwa eni.

Maikolosikopu imodzi yokhala ndi galasi lounikira dzuwa safuna magetsi. Pamzere pamakhala mafumu omwe. Pulofesayo akaima pamenepo angonena kuti Ronald Ross anaona tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897, inunso onani.

Wa zisudzo:
Funso lanu loyamba lija palibe waliyankha mwachindunji. Mukayamba ndi lekichala anthu adzabwera mochedwa, adzafunsa kuti ng'oma ziyamba nthawi yanji. Mukayamba ndi magule onse, mwaona kale. Ndiye musazilekanitse, ndipo musasamutse anthu. Kulakwa kwakukulu chaka chatha kunali mawu aja oti "tilowe mu holo." Munthu akaimirira pomwe anakhala, miyendo imakumbukira kwawo.

Bwalo limodzi. Chimtali chitsegule, nyimbo ziwiri. Mlendo mphindi zisanu ndi womasulira wake, za chloroquine zija. Sewero lalifupi: mayi walandiritsa mwana katatu, tsopano mwana akuyenda, bambo akuti kachinayi n'kutaya nthawi, kumunda kuli ntchito. Pamenepo sewero liime, mufunse bwalo kuti mayiyu atani. Alekeni akangane. Kenako mlendo abwerenso ayankhe zomwe zatuluka pakamwa pa anthuwo, ndi nyemba za a womasulira aja. Kachitidwe koimitsa sewero n'kufunsa anthu si katsopano kuno, a ku Chancellor College ankayenda nako m'midzi zaka za m'ma 1980. Mganda muusunge komalizira, anthu adziwe kuti ukubwera.

Nyimbo za amayiwo mukazimvere pokonzekera. Amapeka okha, ndipo amapeka zokoma, koma si zonse zokoma zili zoona.

Wa chikwama:
Ndipo ikhale masana. Epulo anthu ali kokolola, ena ali pa fodya. M'mawa mupeza ana ndi agogo okha. Mufunsenso tsiku la msika.

Wokonza zochitika:
Ndabweranso, pepani ndinasowa, ndinali pa njinga sabata yonse. Mabwana avomera kugawa pawiri: semina ya ku holo dzulo lake, ya anthu pa bwalo la a gulupu 2 koloko masana. Za Gule ndinawawerengera zomwe analemba achimwene a ku Dowa, anangoti chabwino, mlendo apite ku Mua. A gulupu nditawauza kuti tinaganizako zoitana gule ku ofesi anaseka mpaka kutsokomola.

Pulofesa sanakhumudwe, wanditumizira kale tsamba limodzi la zomwe adzanene, ndipo womasulira tamupeza, namwino wopuma pa ntchito. Masiku obayitsa mwana, pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22, adzanena ndi a zaumoyo a pa chipatala chathu chaching'ono, poti amayi amawadziwa ndipo ndi omwe adzawapeze ku sikelo.

A zisudzo, munalosera. Dzulo ndinakamvera amayi a chimtali. Nyimbo yawo ikuti katemera wafika, malungo atha, udzudzu ulire. Ndi yokoma moti ndinavina nawo ndisanazindikire. Nditawapempha kuti asinthe, mtsogoleri wawo anandiyang'ana n'kuti, "Ndiye tiimbe kuti malungo achepako pang'ono? Imeneyo ivinika?" Tagwirizana kuti udzudzu uzilirabe, koma ulire chifukwa wapeza mwana wobayitsa ali mu neti. Akuti ayesa Lachinayi.

Womasulira wa zaumoyo:
Mzere wa "malungo atha" uchoke ndithu, ngakhale mu kolasi. Anthu adzaiwala pulofesa, nyimboyo adzaimba mpaka ku chigayo. Namwinoyo mupatseni nambala yanga ku inbox, tidutsemo limodzi m'tsambalo.

Woweta udzudzu:
Mphutsi ndidzabwera nazo ndekha m'mawa wa tsikulo, zikagona m'galimoto yotentha zimafa. Mundipezereko tebulo la pa mthunzi ndi ndowa ya madzi a pa chitsime, osati a pa mpopi.