Miyezi 6 yokha pa mlandu ngati uwu?

Mayi_a_Tadala: Abale, ndithandizeni kumvetsa. Brock Turner, wophunzira wa pa Stanford University ku California m'dziko la America, anachitira nkhanza zogonana mtsikana wokomoka pa sukulupo mu 2015. Anyamata awiri a ku Sweden amene ankadutsa panjinga ndiwo anamugwira akuthawa. Loya wa boma anapempha zaka 6, koma woweruza Aaron Persky anamupatsa miyezi 6, akuti ndende ingamupweteke kwambiri. Nanga mtsikanayo sanapwetekedwe? Mwana wanga wamkazi ali ku koleji, nkhaniyi imandisowetsa tulo.

Chikondi88: Mayi, anakhalamo miyezi 3 basi. Ine ndimaona kuti ukatswiri wake wosambira ndiwo unamuteteza.

Bambo_Phiri: Anthu sanangokhala chete. California inakhwimitsa lamulo mu 2016, ndipo mu 2018 anthu a m'dera lake anavota n'kumuchotsa Persky pampando.

Mayi_a_Tadala: Zikomo bambo. Kodi makoleji athu kuno amatani mtsikana akadandaula?