Anemone wanga akulavula chakudya, ndikulakwitsa pati?

Mbuna47:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndaweta mbuna zaka zambiri, koma chaka chatha ndinayamba za madzi amchere: thanki ya malita 200, ili pabalaza kuno ku Area 47. Mchere wake ndimachita kuitanitsa ku Johannesburg, ndiye mukudziwa mmene thumba limalirira. Muli tinsomba tiwiri ta clownfish, makorali (tizamoyo tomera pamiyala ya m'nyanja) a mtundu wa zoanthid, korali wa Duncan mmodzi, ndi anemone (kanyama ka m'nyanja yamchere kooneka ngati duwa) wa mtundu wa bubble tip yemwe ndinamupeza miyezi iwiri yapitayi.

Vuto ndi anemoneyu. Madzulo aliwonse ndimamupatsa nthuli ya prawn yaikulu ngati chala chamanthu. Amaigwira bwinobwino n'kumeza, koma kukacha ndimapeza walavula kachibuluma koyera konanda ngati mamina. Poyamba anali wabulawuni, pano akutuwa, ndipo ndere zachita kuti bii pagalasi. Mayi akunyumba ayamba kale kundinena kuti ndikudyetsa duwa ma prawn pomwe ana akudya soya. Kodi ndizimupatsa usipa?

MayiWaKu18:
Achimwene, mukumukhutitsa mopyola. Mimba yake ndi kathumba chabe, polowera ndi potulukira ndi pomwepo, ndiye chimene chamukanika kugaya amachibweza. Dulani prawn yaiwisi tizidutswa ngati njere ya chimanga, kamodzi kapena kawiri pa sabata basi. Ine ndimazimitsa mapampu kaye mphindi 15, n'kuika kachidutswako pa timanja take, osati kukankhira m'kamwa. Akakhala wathanzi timanjato timamata, amakokera yekha. Muziyang'aniranso ma clownfish, ndi akuba, amalanda chakudya chili kukamwa.

Usipa ayi. Ndi nsomba ya madzi opanda mchere, ndipo wouma uja ndiye musayerekeze. Ndere mukuzionazo zikukula ndi nitrate ndi phosphate, manyowa ochokera m'zolavulazo.

Mkulu_wa_Kawale:
Mayiwa anena zoona, koma kutuwako kukundidetsa nkhawa kuposa kulavula. M'thupi mwa anemone ndi makorali ambiri mumakhala tindere tating'onoting'ono, ma zooxanthellae, timene timapanga chakudya ndi kuwala n'kumagawana naye. Mtundu wabulawuni uja ndi timeneti. Akayamba kuyera ndiye kuti akutitaya, ndipo kawirikawiri chimachititsa ndi kutentha kapena kuwala kosakwanira. Ndiye funso langa: magetsi akazima masana, nyali zanu zimayaka ndi chiyani? Nanga mwayezapo madzi cha m'ma 2 koloko masana? Kutentha kwa Okutobala kuno sikusewera, ine thanki yanga inafikapo madigiri 30 ndili kuntchito, ndinabwera n'kupeza makorali atafota onse. Pamafunika 25 kapena 26. Kafani kowuzira pamwamba pa madzi kamathandiza, kungoti madzi amauma msanga, mchere n'kukwera. Muzithiramo a RO (osefedwa ndi makina) opanda mchere kuti muyezo wa mchere uzikhala pa 1.025.

Duncan uja mupatseni tizinyenyeswa ndi sirinji yopanda singano, pakamwa paliponse kake, amadya mosanyinyirika ameneyo. Ma zoanthid asiyeni, kuwala kukuwakwanira.

Mbuna47:
Akulu, mwandigwira. Invata ndinalumikizako pampu yokha, nyali ayi, ndimati bola mpweya. Ndayeza lero masana, 29. Ndiye ndisiyiretu kumudyetsa mpaka abwerere mtundu?

Mkulu_wa_Kawale:
Ayi, wotuwa ndiye amadalira kwambiri chakudya cha pakamwa, poti tindere tachepa. Mupumitseni masiku atatu kapena anayi, kenako tizidutswa tating'ono tija kawiri pa sabata. Kutenthako tsitsani pang'onopang'ono, osaponyamo ayezi mulu. Mtundu umatenga masabata, nthawi zina miyezi.

Ndipo kulungani siponji pakamwa pa pampu lero lomwe. Anemone akaipidwa amanyamuka usiku kukasaka malo ena, akakokedwa ndi pampu mudzapeza thanki yonse yachita mbuu. Mukaona kamwa lili yasaa osatseka, phazi lasiya kumata pamwala, mutulutseni mumununkhize. Wakufa simudzafunsa munthu.

MayiWaKu18:
Ma prawn otsalawo apatseni mayi akunyumba akazinge, mwina mlandu uchepa.