Tsamba lili ndi kaloko, ndiye ndilipire?

Mayi wa ku Chilomoni:
Abale ndithandizeni. Mwana wanga wamkazi wakhoza MSCE, ndiye dzulo mnzake wamutumizira linki pa WhatsApp ya maphunziro aulere kunja. Tsambalo ndi lokongola, lili ndi zithunzi za ophunzira atavala mikanjo. Akufuna chithunzi cha chiphaso cha unzika ndi K25,000 yolembetsera. Mwanayo akungoti, "Amayi, pali kaloko pamwamba, palibe vuto." Ine ndimagulitsa tomato, ndalama imeneyi ndi thukuta la masiku angapo. Ndidziwa bwanji kuti n'zoona?

Wokonza mafoni ku Limbe:
Mayi, musalipire kaye. Kaloko kaja, pamodzi ndi https koyambirira kwa adiresi, kamangosonyeza kuti zimene mukulemba zikuyenda mobisika, wina panjira sangaziwerenge. Za mtima wa amene akulandira sikanena. Envelopu mutha kuimata bwino, koma mukaipereka kwa wakuba atsegula basi. Masiku ano bungwe la Let's Encrypt limapereka chikalata cha https mwaulere kwa aliyense amene ali ndi tsamba, ndiye akuba nawo ali nacho. N'chifukwa chake Google inachotsa kaloko mu Chrome, pulogalamu yake yotsegulira masamba a pa intaneti, mu 2023, anthu ankakakhulupirira mopyola.

Ine ndimayang'ana adiresi. Pezani kamzere kopendekera (/) koyamba pambuyo pa dzina, muwerenge mawu omaliza ali kumanzere kwake, mwini wake ndi ameneyo. Za boma lathu zimathera gov.mw, mayunivesite athu ac.mw monga unima.ac.mw, a ku Britain ac.uk. Akuba amaika dzina lodziwika kutsogolo, lawo kumapeto, mwachitsanzo maphunziro.gov.mw.dzinalina.com. Pa foni adiresi imaduka, muidine kuti ioneke yonse.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Achimwene anena zoona. Ine zinandigwera chaka chatha ndi tsamba lina lolonjeza ntchito, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Chimene ndinanyalanyaza n'chakuti ndalama ankati nditumize pa nambala ya munthu, dzina lotuluka pafoni silinali la bungwe. Ankandifulumizitsanso, ati malo atsala awiri okha.

Lembani dzina la tsambalo pa lookup.icann.org, muona tsiku limene linalembetsedwa. Yunivesite yoti yakhala zaka zambiri singakhale ndi tsamba la mwezi watha. Ndiponso maphunziro enieni, monga a Chevening a boma la Britain, salipiritsa pofunsira.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo achimwene, zikomo aphunzitsi. Taona ndi mwanayo. Adiresi ikuthera .xyz, ndipo yalembetsedwa masabata atatu apitawa. Sitilipira. Koma wangondiululira kuti chithunzi cha chiphaso ndi nambala yake ya foni anatumiza kale usiku. Mtima wanga suli m'malo. Titani?

Wokonza mafoni ku Limbe:
Musamukalipire mayi, akuluakulu ambiri amakodwa momwemo. Jambulani tsambalo ndi uthenga wa pa WhatsApp uja musanafufute, mukanene kupolisi, mudziwitsenso a MACRA. Masiku akubwerawa adzamuimbira anthu omutchula dzina lonse, akudzitcha a kubanki kapena a kampani ya mafoni. Asawauze PIN ya Mpamba kapena Airtel Money, kapenanso nambala iliyonse yobwera pa SMS. Mnzake uja mumuuzenso lero lomwe, mwina iye walipira kale.