Kodi phiko la ndege ndi la galimoto ya mpikisano ndi chimodzimodzi?

Abale anga amene mumadziwa za uinjiniya tandithandizeni, nkhaniyi yandizunguza mutu. Ndimamva kuti phiko la ndege limakankhira mpweya pansi ndiye ndegeyo imanyamuka, ndipo mapiko aja a magalimoto a Formula 1, omwe anayamba kuoneka mu 1968, akuti ndi phiko lomwelo koma lozondotsa kuti galimoto ikanikizike pamsewu matayala agwire bwino pokhota. Mpaka apo ndikumva.

Chondivuta ndi ichi, ndege imauluka mumpweya wopanda chotchinga pomwe galimoto ili pafupi kwambiri ndi tala, mpweya umapanikizika kunsi kwake n'kumathamanga, zija a timu ya Formula 1 ya Lotus anapezerapo mwayi mu 1977 ndi 1978 mpaka kunsi kwa galimoto kukhala ngati phiko palokha. Ndiye masamu a phiko la ndege amagwirabe ntchito pamenepo kapena pamafunika ena?

Nanga galimoto wamba? Mphamvu yokanikizira galimoto pamsewu imeneyi ukawirikiza liwiro kawiri iyo imakula kanayi, ndiye pa 80 km/h kaspoila, kaja kokhala ngati phiko kumbuyo kwa galimoto, kamachitadi kanthu kapena kamangolimbana ndi mphepo n'kumadya mafuta? Amene munaphunzira izi chonde tafotokozani, ndikufunitsitsa kumvetsa.