Chotupa cha m'chifu akachipeza bwanji ngati sang'amba mimba?

Mwana_wa_Namwera:
Abale ndigawireni nzeru. Amayi anga adandaula m'mimba pafupifupi chaka, kungodya nsima mbamu ziwiri akhuta, kenako kusanza, thupi latha moti chitenje chikuwazungulira kawiri. Ife timangoti ndi maalsa. Atatitumiza ku Blantyre anawalowetsa kapaipi ka kamera kukamwa nkupeza chotupa m'chifu, anatapako kanyama kokayeza, anawajambulanso mkati mwa thupi ndi makina a CT. Pano adokotala akuti opaleshoni itha kukhala ya timabowo osang'amba mimba yonse, koma akuti lisanafike tsikulo awalowetsenso kapaipi kaja akaike chizindikiro. Amayi akukana, akuti ulendo uja kanawazunza pakhosi. Kodi chotupacho sanachione kale? Chizindikironso nchachani?

Nesi_waku_fiyeta:
Pepani achimwene, koma amayi anyengerereni ndithu. Chotupa chotere chimayambira mkati mwa chifu, pomwe kamera ya opaleshoni imalowera pamchombo nkumaona chifucho chakunja. Munatsukapo chifu cha mbuzi pa Eid? Kunja see, zonse zili mkati. Ndiye ngati chotupa chili chaching'ono kunjako sikuoneka kanthu, ndipo pa opaleshoni yong'amba dokotala amatha kupapasa ndi zala nkuchimva koma apa dzanja sililowa, zimalowa ndi zitsulo zazitali pa timabowo ta 5 mpaka 12 mm, mimba ataipopa mpweya wa carbon dioxide kuti mukhale malo. Nchifukwa chake amatsogola ndi endoscopy, kapaipi ka kamera kolowera kukamwa kaja, kukabaya inki yakuda pambali pa chotupa, dontho lija limaonekera kunja, kapena amapanikiza tizitsulo ting'onoting'ono tomwe timaoneka pa X-ray. Ngati momwe asodzi amamangira chigubu pomwe atchera matchera, popanda chigubucho nyanja yonse imangofanana. Komanso sadula chotupa chokha ayi, amadula mopitirira masentimita angapo kuti pasatsale khansa m'mphepete, ndiye akaphonya malo adula chifu chambiri chabwinobwino kapena asiyako nthenda.

Che_Mpondasi_ku_Joni:
Zoona asisi. Kuno ndinadikirirapo m'bale wanga, iwo anamubaya mankhwala obiriwira otchedwa ICG, amawala akaunika ndi kamera yapadera ya infrared. Anatiuza kuti inki nthawi zina imafalikira nkudetsa malo aakulu. Ndipo ali mtulo kufiyeta anamulowetsanso kapaipi, wina akuunika mkati wina akuona kuwalako kunja, mpamene anadula. Afunseni adokotala ngati angachite choncho, mayi sangamve kanthu.

Anaphiri_Monkey_Bay:
Ine ndinakhalapo gadiyani wa bambo anga. Kapaipiko kamavuta mphindi zochepa chabe, amapopera mankhwala pakhosi kuti pachite dzanzi, mutha kupemphanso jakisoni wogonetsa pang'ono. Chachikulu asadye kanthu maola 6 mpaka 8, ngakhale kaphala, chifukwa chakudya chikatsala m'chifu kamera siona bwino muuzidwa mubwerenso, thiransipoti ya ku Namwera mukuidziwa nokha. Kabuku kakuchipatala ndi zithunzi za CT zisachoke mchikwama. Muwauzenso adokotala ngati amayi amamwa aspirin.

Mwana_wa_Namwera:
Zikomo nonse, za chigubuzo ndawafotokozera amayi mu Chiyao ndipo angoti chete nthawi yaitali, kenako afunsa ngati inkiyo imawawa. Mawa ndiimbira adokotala ndifunse za jakisoni uja komanso ngati angaunikire ali mtulo. Aspirin amamwadi, ndikanaiwala.