Zija za miombo ndi zithunzi za Sentinel-2

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chake PROSAIL, pulogalamu ya pakompyuta yoyerekezera mmene kuwala kumabwerera kuchokera pa zomera, imandionetsa masamba ochepa m'nkhalango ya miombo kufupi ndi Katete pa zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2 za mu Seputembala, chonsecho mitengo inali itaphukira kale. Tsopano ndapeza pomwe panali vuto.

Chachikulu ndi pansi pa mitengo. Gawo la PROSAIL lotchedwa SAIL limatenga masamba ngati ayalidwa mofanana paliponse, koma miombo yathu ili ndi mipata, ndiye kuwala kumafika pa lupsa lakuda lomwe limameza near-infrared, kuwala kosaoneka ndi maso komwe masamba amabweza kwambiri. Nditaika phulusa m'malo mwa dothi louma mu PROSAIL, ziwerengero zinayandikira zomwe ndinayeza m'thengo. Mtima unakhala pansi ndithu.

Chinanso, masamba anthete a mombo amakhala ofiira. Gawo lina la PROSAIL ndi PROSPECT, loona za tsamba lenilenilo. PROSPECT-D ya 2017 imawerengera anthocyanin, yemwe amafiiritsa masambawo, PROSPECT yakale ija ayi. Ndidzakayezanso mu Disembala, udzu ukamera.