Ndinamwako wayini ndisanadziwe kuti ndili ndi pakati, nditani?

Amayi anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi pakati pa miyezi itatu, mimba yoyamba, ndipo ndinazindikira mochedwa, patatha masabata 7. Masiku amenewo kunali ukwati wa achemwali anga, ndiye ndinamwako matambula awiri a wayini, Loweruka linalo botolo limodzi la mowa. Chidziwireni sindinalawenso ngakhale dontho, koma mtima suli m'malo.

Kusikelo anamwino anatiuza kuti mowa umadutsa m'magazi a mayi n'kukafika kwa mwana, chiwindi chake chisanakhwime moti n'kuuchotsa, ndipo palibe mlingo umene unganenedwe kuti ndi wabwino. Ine manyazi anandigwira, ndinangopinda buku langa la kusikelo n'kutuluka osaulula. Kodi ndikawauze ulendo uno? Sikani ingaonetse ngati china chinalakwika?

Chinanso ndi apongozi anga. Iwo akuti kapu imodzi ya masese imawonjezera magazi, ati anabereka ana 6 akumwa choncho. Ndiwakanire bwanji osaoneka wamwano? Nanga thobwa lagonera masiku atatu, loyamba kuwawasa lija, nalonso ndilisiye?